Fungo la M'kamwa mwa Obed

1

Dzina langa ndine Esinala Njobvu, koma ku Mtendere kuno mukafunsa dzina limenelo palibe adzakulozereni khomo. Muzifunsa ambuya a vitumbuwa. Ndinachoka ku Chadiza ndili ndi mwana kumsana, ndipo imvi zandimerera muno mu Lusaka. Kusukulu sindinapondeko. Amene akulemba mawu awa ndi mnzanga wa ku Chigwirizano cha amayi a ku tchalitchi, ndipo ndamuuza kuti asakometse kanthu, alembe mmene zikutulukira.

Ine ndine munthu wamantha, sindikana. Mantha anandilowa chaka chimene mwana wanga mmodzi yekhayo, Benard, anafera pa msewu wopita kum'mawa, kupitirira Chongwe. Ankayendetsa lole. Anamwa, anagona pa chiwongolero, lole inakagwera kuphompho. Anandisiyira mwana wa zaka zinayi, Obed, amene mayi ake anakakwatiwa ku Kitwe osatembenukanso.

Obed ndinamulera ndi machenjezo, m'mawa ndi madzulo, ngati mankhwala. Usadye kwa anthu osawadziwa. Usalumphe chinthu chomangidwa pa mphambano. Ukameta, tsitsi utole wekha. Ndipo lalikulu pa onse: malovu ako, mpweya wako ndi magazi ako usapatse munthu, kaya wavala yunifomu, kaya wavala zoyera. Zaka zimenezo kunali mbiri yoti kuli anthu otenga magazi a ana kukachitira za usatana, ndipo ine ndinaikhulupirira ndi mtima wonse. Anamwino akati abwera kusukulu ndi majekeseni, Obed tsiku limenelo ankadwala mutu, ndipo mutuwo ndinkamudwalitsa ndine.

Atakula ankandiseka. "Ambuya, imwe sembe ndimwe boma, sembe tonse tiyenda na visote va chitsulo, na ku bafa komwe."

Tsiku limene anabwera ndi laisensi yoyendetsera minibasi ndinalira mpaka mawu anatha. Anamulemba ntchito ba Hatibu, Msilamu wa ku komboni ya Chipata muno mu Lusaka, amene makolo awo anachokera ku Mangochi. Anabwera okha kudzandikhazika mtima pansi.

"Amayi, basi yanga sinyamula mowa, kaya m'botolo, kaya m'mimba mwa dalaivala. Mdzukulu wanuyu ndamusankha chifukwa samwa."

Zaka zisanu Obed anayendetsa kuchoka ku Mtendere kupita ku tauni osagunda ngakhale galu. Anakwatira Tionge, mtsikana wofatsa wa ku Petauke, tinakhala atatu m'nyumba yanga ya zipinda ziwiri. Komabe Tionge akatembenuka, ine ndinkatola malaya a mwamuna wake m'beseni la zochapa n'kuwanunkhiza.

2

Mimba ya Tionge itakula anapita kwa mayi ake ku Petauke kukachirira kumeneko, monga timachitira ndi mwana woyamba. M'nyumba tinatsala awiri. Ndi pamene ndinayamba kuona zinthu.

Choyamba chinali madzi. Obed akadzuka ankamwa jagi yonse ali chiimire, n'kutunganso ina. Benard ankamwa chimodzimodzi akadzuka ndi matsire. Kenaka thupi linayamba kutha, lamba anamuboolanso mabowo awiri ndi msomali. Kukodza kunali kosalekeza, ndipo kuseri kwa nyumba, pamene ankataya madzi akapanikizika, nyerere zinkasonkhana ngati pagwa uchi. Nyererezo ndinaziona ndi maso angawa. Ndinati ndi zotsekemera za mowa wa masiku ano.

Lachiwiri lina anabwera masana kudzadya, akuyenda ngati pansi pakumuthawa. Ndinamuimitsa pakhomo.

"Bwera kuno. Puma."

"Ambuya, mwayamba kuninunkhiza monga galu wa polisi?"

"Ndati puma."

Anapuma. M'kamwa mwake munatuluka fungo lotsekemera, lowawasa pang'ono, ngati masuku amene aiwalika m'thumba masiku atatu.

"Wamwa chiyani?"

"Maheu, ambuya, na manzi. Pakhosi pauma chabe. Kaya ni kutentha kwa Okutobala."

"Bambo ako ankatinso ndi kutentha."

"Ine sindine atate. Sinimwa. Nilumbire pa chani?" Anapukuta thukuta ndi mkono. "Kapena nipite ku kiliniki, akanione."

"Kuti akakutenge magazi? Matsire sachizidwa ku kiliniki. Leka mowa, basi."

Atabwerera kuntchito ndinafufuza m'matumba a mathalauza, pansi pa matiresi, m'nsapato zake za ku tchalitchi, kufuna tumabotolo tija timene anyamata amabisa m'masokosi. Sindinapeze kanthu. Ndinati, uyu ndi wochenjera kuposa bambo ake.

Lachitatu foni inalira. Tionge wachira, mwana wamkazi. Obed anavina pabwalo mpaka anakhala pansi ndi chizungulire, ndipo pa foni pomwepo anamutcha mwanayo Luse. Atadula foni ananena mawu amene anandiumitsa thupi.

"Ba Hatibu anibwereka kamotoka kawo. Loweruka m'mamawa niyenda ku Petauke, nikamunyamule mwana wanga."

"Uyendetsa wekha?"

"Nanga ndani? Imwe?"

Msewu wa ku Petauke ndi womwe uja unadya Benard. Ndinamuchonderera kuti akwere basi yaikulu. Ndinamuuza za mapiri a ku Luangwa, za malole amene amatsika opanda mabuleki. Anaseka, anandigwira mapewa ndi manja onse, ndipo fungo lija linandiwombanso kumaso.

3

Vitumbuwa ndimagulitsira m'mphepete mwa msewu wotuluka mu Mtendere kulowera ku Kalingalinga, pansi pa mtengo wa mango. Masiku ena apolisi a pamsewu amaika rodibuloko chapafupi, ndipo amagula kwa ine. Mmodzi wa iwo ndi ba Chilekwa, mayi wamtali wa Chibemba, wosakonda kuseka koma waulemu.

Lachisanu dzuwa litangokwera anandandalika makoni awo pamsewu. Anaimitsa galimoto zingapo n'kuzilola. Kenaka inatulukira minibasi ya Obed, yodzaza ndi anthu opita kuntchito. Ba Chilekwa anakweza dzanja.

"Ba dalaiva, pakani pambali. Zimyani injini, mutsike."

Obed anatsika akugwira chitseko. Maso anali ofiira, milomo yotuwa ndi kuuma. Ba Chilekwa anamuyandikira, ndipo ndinaona mphuno yawo ikukwinyika.

"Mwamwako m'mawa muno?"

"Awe, ba ofisa. Sinimwa ine." Mawu ankatuluka olemera ngati lilime latupa.

"Yendani pa mzere woyera uyu. Chidendene kutsogolo kwa chala, mpaka pa koni paja, mubwerere."

Anaponda kanayi, kachisanu phazi linapita kumbali. Anamuuza aime ndi mwendo umodzi, anadzandira n'kugwira basi. Anamuuza atsinzine akhudze nsonga ya mphuno, chala chinakafika patsaya. Anthu a m'basi anali atatsika kale, atamuzungulira.

"Ba ofisa, mupaseni mamaki, gule aidziwa," anatero bambo wina wovala taye.

"Ndiye amene atinyamula uyu?" anatero mayi wina wosenza thumba la kapenta. "Sembe tafika ku tauni kapena kumwamba?"

Anthu anaseka. Ba Chilekwa anatulutsa kamakina koyezera mowa, anang'amba kapepala, anaikapo kapaipi katsopano pamaso pa onse.

"Pumirani umu mwamphamvu mpaka nikuuzeni kuleka."

Obed anabwerera m'mbuyo akupukusa mutu.

"Mverani bwino, ba dalaiva, chifukwa ni ufulu wanu kudziwa. Ngati simufuna kamakina, tiyeni ku chipatala manje manje, dokota akutengeni magazi. Akapeza kuti mulibe mowa, mubwerera pa nchito lero lomwe. Koma mukakana vonse viwiri, kukana kwameneko ni mlandu, nizakutsekerani."

Obed anayang'ana uku ndi uku ngati mwana wosochera pamsika. Maso ake anadutsa pa ine osandizindikira.

"Magazi ayi," anatero. "Ambuya anakana."

Apa ndiye anthu anafa nacho chiseko. "Mwamuna wa ndevu, ati ambuya anakana," anatero wa taye uja. "Muwaitane ambuyawo abwere na thewera."

Obed wa masiku onse, amene ankaseka machenjezo anga, akanapuma m'kamakinako n'kupitiriza ulendo. Koma tsiku limenelo mutu wake unali utasokonezeka, ndipo zimene zinatsalamo anali mawu anga akale. Ine ndinali mapazi khumi okha kuchoka pamenepo, kuseri kwa beseni langa. Ba Chilekwa anatembenuka n'kundiyang'ana, kudikira. Ndikanangoti, "Obed, pita nawo kuchipatala," akanapita. Ndinaweramitsa mutu n'kuyamba kusanja vitumbuwa m'beseni ngati munthuyo sindikumudziwa.

4

Masana ndinapita kupolisi ndi chakudya. Ba Hatibu anandipeza komweko, atangochoka ku mzikiti, mkanjo woyera uli m'thupi, thukuta likutsika m'ndevu.

"Obed kuledzera? Amayi, ngati ndi zoona, ndiye kuti ine m'mawa uno ndadya nkhumba."

Wapolisi wa pa kauntala anafotokoza kuti pa mlandu ngati umenewu munthu akhoza kutuluka pa bondi, n'kudikira tsiku la khoti ali kunyumba. Pamafunika anthu awiri omuyimira, aliyense ndi chitupa chake, chimene kuno timati reji. Akulu osaina pepalalo ankachoka nthawi ya folo, ndipo akachoka ndiye mpaka Lolemba.

Ba Hatibu anaponya chitupa chawo pa kauntala. "Mmodzi ndi uyu. Amayi, tulutsani chanu."

"Chinasowa," ndinatero.

"Chinasowa liti?"

"Kaya. Ukalamba."

Ananditengera kunyumba pa galimoto yawo. Munthu wolemekezeka uja anagwada ndi mkanjo wake, kusuzumira pansi pa bedi, kunyamula matiresi, kukhuthula masutikesi, kuvundukula ngakhale zitini za mchere. Chitupa sichinaoneke. Anaimbira mng'ono wawo, ba Usman a ku komboni ya Linda, kuti athamange ndi chawo. Koma Lachisanu masana kuchoka ku Linda kudutsa m'tauni kufika ku Mtendere ndi ulendo. Ba Usman anafika ofesi ya akulu aja itatsekedwa kale.

Anandilola kumuona Obed pa kawindo ka chitseko cha selo. Anali atakhala pansi, atatsamira khoma, akupuma mozama ndi mofulumira ngati munthu amene wathamanga mtunda.

"Ambuya," anatero. "Manzi."

Ndinamupatsira botolo la maheu amene ndinakonza ndekha. Ndinali nditathiramo shuga masupuni asanu ndi limodzi, chifukwa kwathu tinkauzana kuti zotsekemera zimasungunula mowa m'thupi. Anamwa botolo lonse osapumira.

"Mawa nifunika kuyenda kwa Luse. Muwauze anitulutse."

"Gona, mowa uchoke. Luse sathawa."

"Sininamwe, ambuya."

"Gona."

Amenewo ndi mawu omaliza amene ndinamuuza iye akumva.

5

Loweruka m'mawa ndinafika ndi tiyi m'fulasiki. Wa pa kauntala sanandiyang'ane kumaso. Anati kutacha a m'selo anamenya chitseko ataona kuti Obed sakudzuka, ndipo anathamangira naye kuchipatala chachikulu.

Ndinamupeza ali ndi mapaipi m'mikono ndi m'mphuno. Dokotala anali mtsikana wa msinkhu wa Tionge. Anandiitanira pambali.

"Ndimwe ambuya ake? Matenda a shuga anayamba liti?"

"Alibe shuga. Ndi mowa."

"Tamupima magazi. Mowa mulibe, ngakhale dontho. Koma shuga yakwera mpaka kamakina kathu kalephera kuwerenga. Anali kumwa madzi kwambiri?"

"Inde."

"Kukodza pafupipafupi? Kuonda?"

"Inde."

"M'kamwa kununkha monga vipatso vakupsa kwambiri?"

Ndinakhala pansi pa simenti, anthu akundilambalala.

Dokotala uja anagwada pafupi nane n'kundifotokozera mofatsa. Anati shuga akakwera chotero thupi limayamba kudzidya lokha, munthu amadzandira, lilime limalemera, nzeru zimasokonezeka, ndipo mpweya umanunkha ngati wa woledzera. Anati zimanamiza ngakhale apolisi, n'chifukwa chake magazi ndi amene amanena zoona. Anati akanabwera naye dzulo m'mawa akanamuika madiripi ndi mankhwala, ndipo mwina bwenzi ali tsonga akupempha phala.

"Anadya chani dzulo?"

Ndinamuuza za maheu. Za masupuni sindinanene.

Ndinakhala pambali pa bedi Loweruka lonse. Ndinamugwira phazi, chifukwa manja anali ndi mapaipi. Ndinamuuza kuti ndamva, kuti ndakhulupirira, kuti sanamwe. Sanatsegule maso.

Obed anamwalira Lamulungu dzuwa lili paliwombo, nthawi imene anthu ankatuluka m'matchalitchi. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Mwana wake sanamunyamule.

6

Pa maliro madalaivala a minibasi anabwera pamzere akuliza mahutala, akutukwana apolisi kuti awaphera mnzawo. Koma kuseri kwa matenti manong'onong'o anali ena. Ndinawamva ndi makutu anga. "Shuga pa mnyamata wa msinkhu uja? Shuga ni ya olemera na okalamba. Banja libisa chabe. Ni mowa, monga atate ake." Ena anali pa msewu paja tsiku lija, ndipo ankasonyeza anzawo mmene ankadzandirira.

Tionge anafika kuchokera ku Petauke ndi khanda la masiku asanu. Anakhala pakona ya chipinda, akungoyamwitsa.

Tsiku lachiwiri la maliro ba Chilekwa anabwera atavala chitenje ndi duku. Analowa m'nyumba mmene munali azimayi n'kugwada. Azakhali a Tionge anawazindikira.

"Chokani pano. Mwabwera kuona ngati nchito munaitsiriza bwino?"

Anawakankhira kunja, wina anawathira madzi otsukira mbale. Ba Chilekwa anangonyamuka n'kumapita. Pa geti anatembenuka n'kundiyang'ana. Ine ndinaphimba kumaso ndi chitenje, anthu n'kumati ambuya akulira.

Patapita masabata atatu ndinabwerera pansi pa mango. Ba Chilekwa anandipeza pamenepo, atavala zovala wamba. Anakhala pa mwala, osagula kanthu.

"Ambuya, anichotsa pa msewu. Afufuza chifukwa chake sininamupereke ku chipatala ngakhale anakana. Na ine nidzifunsa chimodzimodzi tsiku lililonse."

Ndinapitiriza kusanja vitumbuwa m'beseni.

"Ananifunsanso chifukwa chake ninaimika basi ija pakati pa mabasi onse. Ninati ninaiona iyenda mokhota." Anapumira. "Sininauze munthu kuti ndimwe munanituma."

Apa mnzanga wolembayu waika cholembera pansi, akundiyang'ana. Tola cholemberacho, mwana wa amayi. Lemba.

Lachinayi, tsiku lotsatira kubadwa kwa Luse, ba Chilekwa atabwera kudzagula vitumbuwa, ndinawagwira dzanja. Ndinawauza kuti mdzukulu wanga akuyendetsa ataledzera, kuti Loweruka akufuna kukafera pamene anafera bambo ake, ndipo ndinawapempha amugwire mawa lake. Anandifunsa nambala ya basi. Ine nambala sindiwerenga. Ndinawauza kuti ndi ija galasi lake la kumanzere linamangidwa ndi mphira wofiira. Iwo anati, "Ambuya, ine nizamupima chabe monga lamulo linenera. Ngati ni mowa, uzaoneka." Pamene anandiyang'ana pa msewu paja, ankafuna kuti ndimulimbitse mtima apimidwe. Ine kupimidwa sindinkakufuna. Ndinkafuna selo, chifukwa selo ilibe mawilo.

Ndipo chitupa changa sichinasowe. Nthawi yonse imene ba Hatibu ankakwawa pansi pa bedi langa, chinali m'kathumba ka nsalu kamene ndimamanga m'chiuno, mkati mwa chitenje, chikundikanda pakhungu. Ndinkati Loweruka lidutse, Lamulungu lidutse, Lolemba ndidzachipeza mwadzidzidzi, ndidzadinda chala pa pepala, ndidzatenga mdzukulu wanga wamoyo, wamanyazi, wosiya mowa.

Ba Chilekwa anaimirira n'kukutumula fumbi pa siketi. "Mbali yanga nizanyamula nekha. Koma mkazi wake akapita ku pompi, anthu amuloza kuti ni mkazi wa chidakwa uja anafera mu selo. Icho ni chanu, ambuya."

7

Ndinamuuza Tionge m'mawa mwake. Anali akuchapa matewera kuseri kwa nyumba, Luse ali kumsana. Ndinakhala pansi pafupi ndi beseni, ndinamasula kathumba kaja, ndinaika chitupa pa njerwa. Ndinanena zonse: kiliniki imene ndinamukaniza, galasi la mphira wofiira, ba Hatibu pansi pa bedi, masupuni asanu ndi limodzi.

Sanalire. Anapitiriza kufinya thewera limodzi lomwelo mpaka silinkadonthanso.

"Anakuuzani kuti samwa?"

"Anandiuza."

"Kangati?"

"Kawiri. Kapena katatu."

"Ine ananiuza pa foni kuti thupi silili bwino. Ninamuuza apite ku kiliniki. Anati, nizapimitsa ku Petauke, ambuya asadziwe, angadwale na maganizo." Anayang'ana chitupa chija pa njerwa. "Anali kukusungani imwe."

"Mwana wanga, nditukwane. Ndimenye ngati ufuna."

"Nikutukwaneni kuti mupepukidwe? Awe." Anaponya thewera m'ndowa. "Vimene mwaniuza ine, muuze anthu. Kwa ba Hatibu, kwa akulu a ba Chilekwa, ku tchalitchi, na ku steshoni ya mabasi. Mwana uyu sazakula amvera kuti atate ake anafa na mowa."

Anayanika matewera onse limodzilimodzi. Atauma masana anawapinda, anawaika m'chikwama pamodzi ndi zovala zake ndi malaya awiri a Obed, ananena kuti akupita kwa mkulu wake ku Linda. Pa geti ndinamupempha kuti ndimunyamuleko mwana pang'ono. Anaima. Luse anali m'tulo, kamutu katapendekera kumbali.

"Osati lero," anatero.

Kwa ba Hatibu ndinapita. Anamvetsera mpaka kumapeto, anati, "Woweruza ndi Mulungu, amayi," anandiperekeza mwaulemu mpaka pa msewu. Koma galimoto yawo siimanso pa mango paja. Kwa akulu a polisi ndinapita, ndinanena, analemba, ndinadinda chala. Ku tchalitchi ndaimirira kawiri. Kawiri konse ndinangopempha nyimbo n'kukhala pansi. N'chifukwa chake nkhaniyi ndailembetsa, kuti pepala likafike kumene ine ndalephera.

8

Inu amene mukuwerenga, muwerenge mokweza, amve ndi amene sadziwa kuwerenga ngati ine. Obed wa ku Mtendere, dalaivala wa ba Hatibu, mwamuna wa Tionge, sanalawepo mowa moyo wake wonse. Amene munaseka pa msewu paja munaseka munthu amene ankafa. Sindikukuimbani mlandu. Ine ndinali pafupi kuposa inu.

Ana anga oyendetsa galimoto, za mowa ndi chiwongolero sindinena zambiri, manda a Benard alipo. Koma akakuimitsani, musathawe ndipo musakane kupimidwa. Ngati mukudziwa kuti simunamwe koma miyendo ikukana, pemphani dokotala, mukweze mawu, mubwereze mpaka wina amve. Ndipo m'bale wanu akatsekeredwa, thamangani ndi chitupa tsiku lomwelo. Musati agoneko aphunzire. Simudziwa chimene walowa nacho m'thupi.

Inu agogo anzanga, amene tinaika ana athu m'manda n'kutsala ndi adzukulu, ndikudziwa mmene mtima umachitira galimoto ikachedwa. Ine zaka makumi awiri ndi zisanu ndinalondera msewu wa ku Petauke, ndipo ndikayang'ana Obed ndinkaona Benard. Mwana anaima pakhomo panga n'kundiuza zoona, ine ndinakhulupirira mphuno yanga. Mdzukulu akakuuzani kuti sanachite, khalani pansi, mumufunse kuti nanga chikukupweteka n'chiyani.

Papita miyezi isanu ndi itatu. Ndimamva kwa amayi ogula kapenta ochokera ku Linda kuti Luse wamera mano awiri ndipo wayamba kukwawa. Akuti ali ndi mphumi ya bambo ake. Tionge sanandiimbirepo. Lamulungu lililonse ndikachoka ku tchalitchi ndimasesa pabwalo, ndimayala mphasa, ndimakhala moyang'ana ku geti mpaka mthunzi wa nyumba ufike pa mpanda. Anati osati lero. Sananene tsiku lake, koma sananenenso kuti tsikulo kulibe.